ANangozo ndi tsitsi la mwana wa a Tang

Uthenga unandipeza ndili m'galimoto, ndikudikira abusa pa geti la sukulu ina ku Kahawa, mumzinda wa Nairobi. Anaimba ndi bambo Tang eni ake, munthu amene pa zaka zonse zimene tinadziwana sanandiimbirepo foni. Ananena m'Chiswahili chawo cha pamsika kuti mama, kutanthauza aNangozo, agona osadzuka. Ndinatseka buku limene ndinkawerenga osapinda n'tsamba lomwe, ndipo chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga, Mulungu andikhululukire, chinali khalidwe la malemuwo. Akanakhala kuti za imfa yawoyi azimva okha, akanafunsa kaye kuti wanena ndani, ndipo iyeyo apindulapo chiyani.

ANangozo anali mayi wa ku Ntcheu, wamfupi, wamapewa otambalala, wa maso aang'ono amene ankakufika m'thumba usanamalize moni. Anabwera ku Nairobi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kudzalera ana a banja lina la Amalawi logwira ntchito ku bungwe la mayiko. Banjalo litasamutsidwira ku Ulaya, iwo anakana kutsatira, nakananso kubwerera kumudzi. Za ku Ulaya anati kumazizira dala kuti mlendo afe msanga. Za kumudzi sananene chifukwa. Ife Amalawi a kutchalitchi tinayamba kuwafunira pogwira, ndipo amene anawapezera malo kwa Matchaina a ku Westlands ndi mkazi wa mkulu wa mpingo. Mpaka tsiku lomaliza aNangozo ankamufunsabe mayiyo kuti pa azimayi onse osowa ntchito mumzinda muno anasankhiranji iwo.

Ine ndinali dalaivala wa mpingo, ntchito imene theka lake ndi kudikira. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma kudikirako kunandizoloweza kugula mabuku akale amene amayala pansi m'mphepete mwa misewu ya m'tauni, ena opanda chikuto, ambiri opanda mapeto. N'chifukwa chake ndimadziwa chiyambi cha zinthu zambiri. ANangozo ankanditcha Pulofesa, ndipo m'dzinalo sindinamvemo ulemu n'kamodzi komwe.

Bambo Tang ankaitanitsa katundu kwawo n'kumapikulitsa kwa amalonda a ku Eastleigh: matochi, mafulasiki, maambulera, maloko, zitsulo za njinga. Mkazi wawo, amene aNangozo ankangomutcha madamu, anali woyembekezera, wosadziwa munthu mumzinda, ndipo mayi ake anali kutali. Wosesa ndi kuchapa analipo kale, mtsikana wina wa ku Kisumu dzina lake Akinyi, wobwera m'mawa n'kuweruka madzulo. Chimene banjalo linkafuna chinali munthu wamkulu wokhala pakhomo ngati wachibale, wogona pomwepo, wodya nawo pa tebulo limodzi, amene ntchito yake ndi mwana basi.

Za pa tebulozo n'zimene zinayamba kuwasowetsa mtendere. Lamlungu loyamba atalowa ntchito anandikokera kuseri kwa tchalitchi.

"Pulofesa, inu mwawerenga. Bwana amadya ndi wantchito?"

"Ena amatero, mayi. N'chikondi chabe."

"Chikondi. Amatenga nyama ndi timitengo take tomwe akudyerato, n'kuika m'mbale mwanga. Osati mwa madamu ayi, mwanga. Akatero n'kumandiyang'ana."

"Ndiye inu mumatani?"

"Ndimatafuna. Kumeza ndimadikira ameze iye."

Ankati mbuzi ikaona mwini wake wayamba kuipatsa madeya isanalire, isavine, ifunse kuti ukwati uli liti. Nyengo yozizira itafika madamu anawagulira jekete yaubweya, yabwino kuposa ya abusa. Iwo anaitembenuza, naipapasa msoko uliwonse, naiyanika padzuwa masiku angapo, kenako anayamba aibwereka Akinyi kuti aone ngati atuluke zidzolo. Matatu, minibasi ya ku Nairobi kuno, imene kondakitala wake anali waulemu kwambiri sankaikwera. Ulendo sankatsanzika, ngakhale wopita kukagula tomato. Ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankayankha kuti adzuka, kaya zakhumudwitsa ndani.

Komatu wina ayese kunyoza Matchainawo iwo ali pomwepo. Tsiku lina pa chikondwerero cha Amalawi, mayi wina wa ku ofesi zikuluzikulu anawafunsa moseka ngati anayamba kale kudya njoka ndi agalu. ANangozo anaika mbale pansi. Anamuuza mayiyo kuti m'nyumba ya a Tang amadya kabichi, nkhumba ndi nsomba ngati ana a anthu, kuti mpunga wake ulibe miyala ngati umene tikudyawu, ndiponso kuti bambo Tang madzulo amagona kunyumba kwawo, zimene si amuna onse a pa chikondwererochi angalumbire. Pobwerera ndinawafunsa kuti nanga si inu nomwe mumawakayikira anthu amenewa.

"Ndi Matchaina anga," anatero. "Ndiwakayikira ndekha."

Mwanayo anali wamwamuna. Makolo ake anam'patsa dzina lakwawo limene aNangozo anati limathyola lilime, choncho iwo anamutcha Limbani, ndipo mpaka lero ukaitana choncho amacheuka. Pa iyeyu ankakangana ndi madamu tsiku ndi tsiku, mmodzi m'Chitchaina, wina m'Chichewa, aliyense akumva zonse. Madamu ankati kubereka mwana kumbuyo ndi chitenje kukhotetsa miyendo. ANangozo ankaloza miyendo yawo, kenako ya bambo Tang, kuti madamu aweruze okha. Madamu ankamuveka majuzi atatu dzuwa likuswa mtengo, aNangozo ankamuvula awiri madamu akangotembenuka. Pofika zaka zisanu, Limbani ankalankhula Chichewa cha ku Ntcheu chosasakaniza, ndipo tsiku lina nditam'patsa switi anaitembenuza uku ndi uku n'kundifunsa kuti, "Mwaitenga kuti?" Ndinadziwa kuti mwana waleredwa.

Koma ndathamanga. Kuti aNangozo akhale m'nyumba imeneyo mpaka mwana kufika pofunsa za switi, panadutsa nkhani ya tsitsi, ndipo pa nkhani imeneyo panatsala pang'ono kuti alekane naye asanamere dzino.

Limbani atangobadwa, madamu anakhala mwezi wathunthu osatuluka panja, osasamba m'mutu, osakhudza madzi ozizira, akungomwa msuzi wa nkhuku wothira jinja. ANangozo anakondwa. Anati ichi n'chikuta chenicheni, anthu awa ali ndi mwambo, sali ngati ana athu a masiku ano amene amachira Lachiwiri, Lachinayi ali kumsika. Koma kukondwa kwa aNangozo sikunkakhalitsa. Sabata yotsatira anali ataganizanso.

"Munthu wosadziwa mwambo saopsa, Pulofesa. Ndi mwana. Koma wodziwa chikuta amadziwanso zinazo."

Mwezi utakwana panali phwando. Anabwera Matchaina anzawo, anagawa mazira owiritsa opaka utoto wofiira, amene aNangozo analandira ndi manja awiri n'kukapatsa mlonda wa pa geti. Kenako anayala thaulo, aNangozo ananyamula mwana, bambo Tang anatenga lumo n'kumumeta mutu wonse. Mpaka pamenepo zonse zinali bwino, pakuti kwathunso mwana wotuluka m'chikuta amametedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa aNangozo tsitsi loyambalo limatengedwa ndi agogo aakazi n'kukatayidwa kumene munthu wina sangalipeze. Apa anaona bambo wa mwana akugwada, akutola tsitsi limodzilimodzi pa thaulo, ngakhale limene linamatirira pa chitenje cha aNangozo, nalimanga ndi ulusi wofiira, nalikulunga m'kansalu kofiira, naliika m'kachitini, n'kupita nalo kuchipinda. Alendo anaomba m'manja.

Mwezi womwewo bambo Tang anatsegula nyumba yachiwiri yosungiramo katundu ku Eastleigh.

ANangozo anandipeza ndikutsuka galimoto.

"M'mabuku mwanumo analemba kuti Matchaina amakhwima?"

Za dziko limenelo ndinali ndi buku limodzi. Linkakamba za khoma lalitali ndi ulimi wa mpunga, ndipo linathera pakati pa mfumu ina imene sindikudziwa mpaka lero ngati inapambana nkhondo. Ndinawauza ndi mtima wonse kuti zimenezo sanalembe.

"Wokhwima amalemba?" anatero, n'kumapita.

Zimene ankaopa aliyense wa kwathu akuzidziwa. Amati munthu wofuna chuma chamsanga amapereka mwana wake, shopu n'kumadzaza, mwana n'kumachucha dovu pakhonde, kapena kungofota mpaka kutha. Ine zimenezi ndinali nditasiya kuzikhulupirira, makamaka masana.

Patapita masiku, bambo Tang anatsegula kachitini kaja n'kupeza mulibe kanthu. Wolowa kuchipinda kwawo anali Akinyi, wosesa, choncho mlandu unagwera iye. Anamuuza kuti asadzapondenso pakhomopo. Mtsikanayo anachoka akulira, akulumbira kuti sangabe tsitsi pomwe wotchi yagolide imakhala pamtunda tsiku lililonse. Tsiku lachiwiri aNangozo anatuma uthenga kuti ndibwere Loweruka masana, ndidzamasulire. Chiswahili ankachidziwa ndithu, koma anati mlandu sakamba m'chilankhulo chogulira tomato.

Tinakhala pabalaza anthu anayi. Bambo Tang pa mpando waukulu, madamu pambali pawo, ine m'mphepete mwa sofa nditavala tayi, aNangozo chilili, mwana ali mtulo kumbuyo kwawo.

"Auzeni kuti mtsikana uja abwerere pa ntchito," anayamba. "Ali ndi ana awiri, ndipo alibe nzeru zoti n'kuba chinthu chosagulitsika. Tsitsi ndinatenga ndine. Auzeninso kuti ndikudziwa chimene amafuna kuchita nalo, kuti nyumba yawo yatsopano ya ku Eastleigh ndinaimva, ndipo kuti ngati akufuna chuma akapereke chala chawo, osati mwana amene ndikubereka ine."

Ndinatsokomola, n'kunena m'Chingerezi kuti amayi akuti tsitsi analisunga iwo chifukwa cha chikondi.

"Pulofesa," anatero aNangozo osandiyang'ana, "ine ndalankhula mawu ambiri, inu mwanena atatu. Enawo mwadya?"

Ndinamasulira onse. Sindinaonepo nkhope ya munthu ikusintha mitundu ngati ya bambo Tang tsiku limenelo. Poyamba sanamvetse, ndiye ndinafotokoza za kukhwima, ndikutuluka thukuta, ngati kuti ndinayambitsa ndine. Atamvetsa anaimirira. Anati iwo anamva kale kwa amalonda anzawo kuti anthu akuno amatenga tsitsi ndi zikhadabo za munthu n'kupita nazo kwa asing'anga. Anati ndiwafunse kuti aligulitsa kwa ndani, ndipo mwana wawo am'chita chiyani.

Apa ndiye ndinaona chinthu chimene sindinachiwerengepo m'buku lililonse. Anthu awiri anayang'anizana, mmodzi wochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, wina ku Ntcheu, aliyense ali wotsimikiza kuti mfiti ndi mnzakeyo, ndipo onse akuloza mutu umodzi wometedwa umene unali kupuma mwakachetechete pa msana.

"Abweretse tsopano," anatero bambo Tang. "Apo ayi, amasule mwanayo, alongedze, achoke lero."

Ndinamasulira. ANangozo anagwira mfundo ya chitenje pachifuwa, koma sanaimasule.

"Kuchoka ndichoka. Nyumba ndi yawo. Koma tsitsi m'manja mwawo silifika."

Ndinadziwa kuti akunena zoona mbali zonse ziwiri, ndipo ndinadziwanso kuti akachoka pakhomopo sadzagonanso tulo, poganiza kuti mwana wasiyidwa yekha ndi lumo. Tsitsi limameranso.

Amene anatipulumutsa ndi madamu. Anagwira mkono wa mwamuna wawo kuti akhale pansi, n'kundifunsa m'Chingerezi chawo chochepa funso limene tonse amuna sitinaliganize. Anati ndiwafunse mama kuti anaona chiyani.

ANangozo anakhala pansi pa kapeti, miyendo yotambasula ngati ali pa mphasa, n'kusunthira mwana pamiyendo. Ananena kuti anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna. Pa nthawi yotuluka m'chikuta mayi awo anali kudwala, choncho amene anameta mwanayo ndi mkazi wa mlamu wawo, ndipo iwo pokhala mtsikana sanafunse kumene tsitsi linapita. Chaka chomwecho mlamuyo, munthu amene anali asanakhalepo ndi njinga, anatsegula chigayo. Mwana anayamba kutentha thupi, kufota, namwalira asanayende. Chigayo chachiwiri chinatsegulidwa chaka chimene anaika amuna awo. Ankachimva chikulira ali m'nyumba, m'mawa ndi madzulo, ndipo tsiku limene munthu wina ananena kuti kuli banja lofuna wolera ana kunja kwa dziko, sanafunse n'komwe kuti kunja kwake kuti. Anati ndi ulendo umodzi wokha pa moyo wawo umene sanafunse mafunso.

Tinali titadziwana zaka zingapo, koma za mwanayo ndinazimva tsiku limenelo. Dzina lake anali Limbani. Ndinali nditawerengapo za chikuku ndi malungo, ndipo m'kamwa mwanga munali kale mawu oti mwina anali matenda wamba. Ndinatseka pakamwa, ndipo ndikuganiza kuti ndicho chinthu chanzeru chimene ndinachita chaka chimenecho. Ndinamasulira mawu onse osadyako ngakhale limodzi.

Madamu analankhula ndi mwamuna wawo nthawi yaitali m'chilankhulo chawo, motsitsa mawu. Atatero anatembenukira kwa ine. Anati mayi awo kwawoko ndi odwala, sangakwere ndege, ndipo madokotala sakulonjeza kuti adzamuona mdzukulu wawoyu. Kwawo tsitsi loyamba la mwana ena amapangira kaburashi kolembera, kamene kamasungidwa m'banja. Ankafuna kulitumiza kuti agogowo agwireko kanthu ka mwanayo ndi manja awo.

Ndinamasulira ndikuganiza kuti apa nkhani yatha, tonse tilira. ANangozo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Afunseni, agogowo ali ndi shopu?"

Analibe. Anali mphunzitsi wopuma pa ntchito.

"Nanga achimwene awo a madamu?"

Madamu anabadwa okha.

ANangozo anaganiza. Kenako anakweza manja, namasula duku, ndipo m'mfundo ya dukuyo munatuluka kansalu kofiira. Masiku onsewo linali pamutu pawo. Anati sanalikwirire chifukwa dothi lino ndi la eni, sadziwa amene amafukula. Anayala kansaluko pa bondo, nagawa tsitsi pawiri ndi chikhadabo, bwinobwino ngati akugawa fodya. Theka anati lipite kwa agogo, popeza agogo aakazi ndiwo eni tsitsi ngakhale kwathu. Theka litsala ndi iwo, chifukwa mankhwala safuna zotsalira, amafuna zonse. Lamulo limeneli sindikudziwa kumene analitenga, ndipo ndikukayika ngati asing'anga akulidziwa. Anawonjeza kuti bambo asalikhudze, kuti ku positi apita nalo okha, ndiponso kuti Akinyi Lolemba akhale ali pa ntchito.

Bambo Tang anafunsa denga kuti kodi nyumbayi ndi ya ndani, n'kutuluka kukasuta pakhonde. Madamu anagwedeza mutu kuvomera, ndipo m'nyumba imeneyo, monga m'nyumba zambiri zimene ndalowamo, zinatha choncho. Ku positi ndinawaperekeza ndine. Anaima pa kauntala mpaka anaona kaphukusi kakuponyedwa m'thumba, nafunsa kalaliki kuti thumbalo amamanga ndani, ndipo kalalikiyo ataseka anamuyang'anitsitsa mpaka anasiya.

Mungaganize kuti kuchokera pamenepo anagwirizana. Ayi ndithu. ANangozo sananenepo kuti analakwa, ndipo anakhala pakhomopo ngati msilikali pa malire. Malonda a bambo Tang akakula, iwo ankayamba kupima mwana. Ankamuyang'ana m'maso, kumutulutsa lilime, kumuyendetsa kuchoka pa khomo kufika pa geti, ndipo atayamba sukulu ankamuuza kuti atchule mayina a anzake onse a m'kalasi kuti aone ngati mutu ukugwira. Limbani akangotentha thupi, ankafunsa Akinyi ngati bwana alandira katundu watsopano. Banja lina la Amalawi linawaitana ku ntchito yopepuka, ya malipiro abwino, anakana. Ana a mchemwali wawo ankawapempha kuti abwerere kumudzi akapume, anati auzidwa ndi ndani kuti atopa.

Chaka chimene Limbani anakhala woyamba m'kalasi, ndinaona kuti nthawi yanga yafika.

"Mwaona, mayi? Mashopu achuluka, mwana ali ndi nzeru. Bambo aja analibe mlandu."

"Ndaona," anatero. "Sanachite chifukwa ndilipo."

Ndinapita kunyumba ndikufunafuna yankho, ndipo mpaka lero sindinalipeze. Mwina lili kumapeto kwa limodzi la mabuku anga aja.

Bambo Tang nawo anazolowera kukayikiridwa ngati mmene munthu amazolowerera bondo lopweteka. Anayamba khalidwe lakuti asanatsegule malo atsopano, ankagwira mwana pa dzanja n'kupita naye kukhitchini, n'kumuimika patsogolo pa aNangozo. "Mama, angalia," ankatero, kutanthauza kuti muoneni kaye, ali bwinobwino. Poyamba ankachita monyoza. Zaka zitapita sindinathenso kusiyanitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti eni akenso sankadziwa. ANangozo ankamupima mwanayo mosaseka, n'kugwedeza mutu, bwana n'kupita kukatsegula shopu.

Limbani atakwanitsa zaka khumi, makolo anagwirizana kuti akaphunzire kwawo, asaiwale zilembo za makolo ake. Madamu anapita naye, bambo anatsala ndi malonda. Ku bwalo la ndege aNangozo sanalire. Anam'konza kolala, namuuza m'Chichewa kuti akameta azisesa yekha, ndipo mwanayo anayankha kuti akudziwa, agogo. Tonse tinati tsopano ntchito yatha, mayi abwerere ku Ntcheu. Tinayamba n'kukambirana za mphatso yotsanzikana.

"Mwana wapita, koma bambo ake atsala," anatero. "Mankhwala safuna tikiti ya ndege."

Choncho m'nyumba ya ku Westlands munatsala anthu awiri okalamba, wolera mwana wopanda mwana womulera, ndi bwana amene akanatha kuwachotsa tsiku lililonse koma osatero. Madzulo ankaonera limodzi masewero a Chitchaina pa kanema. ANangozo sankamva liwu n'limodzi lomwe, koma sewero likangoyamba ankaloza munthu n'kunena kuti wakuba ndi uyo, taonani kasekedwe. Bambo Tang anandiuza modandaula kuti kawirikawiri ankalondola, ndipo zinkawaonongera sewero. Lamlungu mwana akaimba foni, bambo ankalankhula pang'ono n'kupereka, ndipo aNangozo ankamufunsa mayina a anzake a m'kalasi, mayina amene iwo sakanatha kudziwa ngati ali oona.

Za theka la tsitsi lija ndinawafunsa kamodzi. Anati lili pamene lili, ndipo amandiuza bwanji ine, munthu wodziwika kuti amadya mawu.

Thupi linapita ku Ntcheu. Zonse anayendetsa ndi bambo Tang, ndipo sanalole kuti Amalawi tisonkhe. Tili pa mzere wa mapepala ku bwalo la ndege anandifunsa mwadzidzidzi, osandiyang'ana, ngati munthu wa chigayo uja akadali moyo. Zaka zonsezo sanaitchulepo nkhani imeneyo. Ndinati ndinamva kuti anamwalira kalekale. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti basi, mama angathe kupita kwawo.

Sabata yotsatira ndinapita kukalongedza katundu wa aNangozo. Chipinda chawo chinali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi. Pa chitseko panali loko wamkulu wakuda, wosakhala wa mtundu umene bwana amagulitsa, ngakhale kuti maloko anali m'makatoni mpaka m'khonde. Anakagula wawo kwina. Thupi litatulutsidwa Akinyi anayala bedi n'kukhoma lokoyo, koma makiyi sitinawapeze, tinachita kuitana munthu wodula. Bambo Tang anaima panja pa khomo, manja kumbuyo. Ndinawauza kuti alowe, anakana, nati sanaitanidwepo.

M'katimo munalibe zambiri. Bedi loyalidwa bwino, sutikesi pansi pake, Baibulo, zitenje zopindidwa, nsapato zakale za mwana zimene anayenera kutaya kalekale. Ndinapapasa maduku onse, misoko ya pilo, m'thumba la jekete. Tsitsi sindinalipeze. Mpando unali umodzi, wa pulasitiki, ndipo sunayang'ane pa tebulo kapena pa khomo. Unayang'ana pa kazenera kakang'ono, ndipo nditakhalapo ndinaona kuti kuchokera pamenepo umaona chitseko cha kukhitchini, masitepe, ndi zenera la chipinda chimene Limbani ankagona. Simenti ya pansi pa mpandowo inali yosalala, yonyezimira, pamene pankakhala mapazi.

Nditanyamula sutikesi kuti ndizipita, ndinapeza bambo Tang atagwada pa khomo. Anaika kambale pansi, pamwamba pake malalanje atatu, monga amachitira kwawo ndi akufa awo, n'kuweramitsa mutu. Akinyi anandiuza pambuyo pake kuti chipindacho bwana anakana kuikamo munthu, ndipo malalanje amasintha akafota. Amakhala pomwepo pa khomo, kunja, osadutsa mzere wa chitseko, ndipo palibe amene amawadya. ANangozo nawonso sakanawadya asanafunse kuti agulidwa kuti.